Zidutswa Zisanu ndi Ziwiri za Chigumu

Amene amati mashehe athu amangodziwa Chiarabu basi, akhale pansi amve izi mpaka kumapeto, kenako atsutse ngati angathe.

Mayi Sauda Mkwepu, mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 5, anafika kwa Shehe Twaibu Likaomba nkhope ili gwa. Anawapeza pakhonde akudula zigumu za ana a madrasa, chigumu chilichonse panayi.

Atapereka salamu, mayiwo sanadikire n'komwe mphasa.

"Ashehe, ndadzapempha dua, muwapempherere ana a m'kalasi mwanga. Ine ku koleji ndinkaposa amuna onse, koma ana a kuno mitu yawo ndi miyala. Ndikalemba 7/4 pabolodi kuti aisandutse 1¾, iwo amangoitembenuza, 4 pamwamba, 7 pansi. Ahedi akuti zikapitirira andilanda kalasi, andibweze ku Sitandade 1 ndizikapukuta mamina. Ine!"

"Pepani, amayi. Amatembenuza ndi angati?"

"Onse, Ashehe. Ndi mwana wa ahediwo yemwe."

Shehe anaika zidutswa zisanu ndi ziwiri m'mbale. Zinayi anazilumikiza, chinatuluka chigumu chathunthu. Zitatu zinatsala pambali.

"Ana omwewo madzulo amabwera kuno," anatero. "Ndikaika chonchi, amakuwa okha kuti chimodzi chathunthu ndi zidutswa zitatu. Kodi inu munawaonetsako zidutswa zopitirira chigumu chimodzi?"

 Zaka zonsezi Mayi Mkwepu ankajambula chozungulira chimodzi chokha pabolodi, n'kuchidula panayi.

"Nanga chaka chatha ankawaphunzitsa ndani?" anafunsanso Shehe.

"Ine ndemwe," anayankha mokweza. "Ndipo lamulo analigwira bwino, lakuti nambala yaikulu sikhala pamwamba. Woiika pamwamba ankatambasula dzanja, zikoti ziwiri. Pofika temu yachitatu panalibe wolakwa."

 Atangomaliza, anakumbukira timanja ta ana aja, mmene tinkanjenjemera pogwira choko, ndi mmene iwo ankadzitamira mu ofesi kuti kalasi lawo lokha ndi losaiwala. Anayang'ana zidutswa zitatu zija.

"Ndiye dua ija simundichitira?"

Shehe anakulunga zidutswa zonse m'tsamba la nthochi n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ndichita, Insha Allah, koma yanu, osati ya ana. Iwo sanaiwale kanthu, amayi. Akukumbukira bwino lomwe zimene chikoti chanu chinawaphunzitsa. Mawa mulowe m'kalasi ndi chigumuchi, muyambe ndi kuwauza kuti wolakwa sanali iwo."