Galasi la Pikapu ya Apongozi

Kalekale, msewu wa kwathu usanathiridwe phula, kunali mkamwini wina dzina lake Gelesomu. Anali atakhalitsa pachikamwini, ndipo ankhoswe ake anali atapangana kale tsiku lodzapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake Esinta kupita naye kwawo.

Tsiku lina anabwereka pikapu ya apongozi ake, a Kachingwe, kukagulitsa mtedza kumsika. Pobwerera, tayala la lole linagenda mwala, galasi lakutsogolo n'kung'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Munthu amene ukakumana naye umapatuka panjira, ungamuuze bwanji kuti wamuswera galimoto?

Mlamu wake Dafuleni, wa pakamwa potsekemera, anapita naye m'tauni. Wogulitsa anawaonetsa magalasi awiri: la orijino, la mtengo wa ng'ombe, ndi lina lotchipa. "Alamu, galasi ndi galasi," anatero Dafuleni. "Madala aja maso anafooka, sakazindikira." Gelesomu anagula lotchipalo, Dafuleni n'kumupezeranso mmisiri wa pansi pa mtengo woti aliike. Ndalama zonse za mtedza zinathera pompo.

Esinta, amene anamva zonse kwa mwamuna wake, ankadziwa kuti bambo ake amalipira inshuwalansi yomwe ikanagula la orijino. Koma a inshuwalansi amafuna mwini galimoto akanene yekha. Ataona mwamuna wake akulephera ngakhale kudya, anangotseka pakamwa.

A Kachingwe nawo sanali akhungu. M'mawa mwake popukuta galimoto anaona kuti chizindikiro cha kampani chomwe chinali pakona ya galasi palibe. Anaonanso mkamwini akuzemberera kuseri kwa nkhokwe, chisoni chinawagwira, n'kupitiriza kupukuta ngati sanaone kanthu.

Paja manyazi anapha lambe. Tsiku la chitengwa, a Kachingwe eni ake anakatenga ankhoswe a Gelesomu pa siteji, n'kuwakhazika kutsogolo mwaulemu. Kenako mvula! Madzi anayamba kulowa m'mbali mwa galasi, kudonthera pa jekete ya mlendo, mpaka bambo wamkulu uja anatambasula ambulera m'galimoto. Ana a m'mudzi anaithamangira pikapu akufa nacho chiseko. Gelesomu anasowa pobisa nkhope.

Zonse zitaululika pamphasa, ankhoswe akuchikazi anati: "Ku inshuwalansi mwachedwa kale. Za chitengwa tidzakamba galasi lenileni likaikidwa, ndipo alipire wolakwa."

"Ndinaswa ndine, kubisanso ndine," anatero Gelesomu atazolika.

"Nzeru inali yanga," anang'ung'udza Dafuleni, pakamwa paja patauma.

Esinta analira: "Njira yabwino ndinkaidziwa."

A Kachingwe anakanda m'mutu. "Ine ndinaona tsiku loyamba lomwe. Ndikanatsokomola chabe, bwenzi zonsezi kulibe."

Mpaka dzuwa kulowa, Esinta katundu ali chimangire, mlandu osagamulika.

Tsono inu amene mwamva, tiuzeni: galasi la orijino alipire ndani, woswa, wolangiza, wosunga chinsinsi, kapena mwini galimoto amene anaona n'kukhala chete?