Ndevu za Lameki ndi Kagalimoto ka a Phwitiko

Ana inu, mukamva akuluakulu akutchula mwambi wa ndevu zakupsa, mumayesa unabadwa kalekale anthu akuvala nyanda. Amene amatero sanakhaleko ku Lunzu. Ife a kumeneko timati unayambira pamsewu waukulu, pafupi ndi msika, ndipo mwini nkhani anali telala wina, a Phwitiko.

A Phwitiko anali ndi ndevu zoyera zofika pachifuwa, ndipo ankazipesa m'mawa uliwonse asanamwe ndi tiyi yemwe. Kupatula ndevuzo, ankanyadira kagalimoto kofiira kamene anagula atasoka mayunifolomu a sukulu zaka zambirimbiri. Sanakagule kuti azidzionetsera ayi. Akazi awo, a Nasibeko, ankadwala shuga, miyendo inkatupa, ndipo kagalimotoko ndi kamene kankawafikitsa kuchipatala chachikulu ku Blantyre tsiku lokaonana ndi adokotala. N'chifukwa chake a Phwitiko sankaphonya kulipira inshuwalansi, ndalama ija eni galimoto amapereka ku kampani kuti ngozi ikachitika kampaniyo ikonze zowonongeka. Yawo inali yodula, yokonza galimoto ngakhale wolakwa akhale wina.

Tsiku lina la msika, akukhotera kwawo, anangomva kuti phu! Pikapu yodzaza madengu a matimati inali italuma kagalimoto kaja mpaka kumbuyo konse kulowa m'kati. Woyendetsa anali Lameki, mlimi wa ana anayi wa ku Lirangwe, amene mabuleki anamukana. Nayenso anali ndi ndevu, koma zakuda, zosadziwa chipeso. Ataona utsi ukufuka kutsogolo kwa pikapu, anathamanga n'kutsegula boneti, ndipo lawi linamulandira kumaso. Ndevu zija zinayamba kuthetheka ngati udzu wa m'chilimwe.

Anthu a pamsika anathamangira kukaona galimoto yophwanyika, ena kukatola matimati. A Phwitiko okha ndiwo anaona ndevuzo, pajatu mwini ndevu amadziwa kuvuta kwake kuzisunga. Anavula jekete lawo latsopano n'kumufunditsa Lameki kumaso, kupsinja mpaka moto unazima, pamene ena ankathira mchenga pa injini. Apo m'pamene anatembenuka kuona kagalimoto kawo, ndipo mtima unawawawa kwambiri.

Apolisi atafika anayang'ana kapepala komata pagalasi la pikapu, n'kupeza kuti inshuwalansi yake inatha kalekale. Lameki sanatsutse. Anati ndalama inapita ku feteleza, ankafuna akolole kaye. Anamulipiritsa chindapusa, ndipo mbuzi zake zinapita chomwecho.

A Phwitiko anabwereka jekete lina n'kupita ku ofesi ya inshuwalansi ndi lipoti la apolisi. Mayi wa padesiki anawalandira mwaulemu, nawauza kuti asadandaule, galimoto ikonzedwa. Koma poti wogundayo analibe inshuwalansi, kampani ikamaliza kukonza idzamulondola iyeyo kuti abweze zonse, ndipo akalephera nkhani idzapita kukhoti, pikapu n'kugulitsidwa. Atatero anawapatsa cholembera kuti asayine.

Madalawo anachigwira, dzanja lina likusisita ndevu. Anakumbukira kuti pikapu ija ndiyo imadyetsa ana anayi. Anakumbukiranso miyendo ya a Nasibeko. Anachitula cholemberacho osasayina, ndipo mayi uja anawafunsa ngati sakuona polemba.

"Ndikuona bwinobwino, mwana wanga," anatero a Phwitiko. "Koma ndevu zimene ndinazima ndi jekete, sindingaziyatsenso ndi cholembera."

A Nasibeko atamva zimenezi anawomba m'manja kamodzi. Anafunsa ngati zaka zonsezi amuna awo ankalipira inshuwalansi kuti azikangocheza kuofesiko, nawonjeza kuti anakwatiwa ndi munthu wamtima waukulu kuposa mutu. Koma atamaliza kukalipa anawaikira madzi osamba, poti mtima womwewo ndi umene anawakondera ali mtsikana. Kagalimoto kanaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira. Ulendo woyamba wa kuchipatala anayesa minibasi, ndipo a Nasibeko anabwerako akulira ndi miyendo. Ulendo wotsatira a Nasibeko anati adikire kaye, sanapite, winawo chimodzimodzi. Anansi ankanong'onezana kuti chifundo chinapha nkhwali, ndipo a Phwitiko ankamva. Anachita mantha kuti chifundo chawo chidzawaphera mkazi.

Lameki naye sankaoneka. Pikapu anaitsitsimutsa, koma manyazi ankamuletsa kugogoda pakhomopo. Chokhacho, tsiku la msika lililonse m'mamawa, pachipata pankapezeka kadengu ka matimati. A Nasibeko ankakanyamula akung'ung'udza kuti matimati sakwereka.

M'mawa wina a Nasibeko anagwa pakhonde akusesa, n'kukomoka. A Phwitiko anawaitana, anawakupiza, koma osayankha. Anathamangira kumsewu opanda nsapato, ndevu zosapesa, ndipo pachipata anagundana ndi Lameki, kadengu kali m'manja. Lameki atangoona nkhope yawo anaponya maso pakhonde, n'kuzindikira zonse. Anabweza pikapu mpaka pakhomo, nayamba kutsitsa madengu, katundu yense wa tsiku la msika, kuponya pansi osasamala kuti akuphwanyika.

"Nanga matimati akowa?" anafunsa a Phwitiko.

"Aphwanyike, bambo. Inu katengeni matiresi."

Anawagoneka a Nasibeko kumbuyo, mutu uli pamiyendo pa amuna awo, ndipo pikapu inathamanga tsiku limenelo ngati yatsopano. Adokotala anati akanachedwa pang'ono bwenzi akunena zina. Lameki pobwerera anapeza mbuzi za anansi zitachita phwando pa matimati ake, sanatolepo kanthu.

Odwala atatsitsimuka, Lameki anabwera kudzawazonda, nagwada pafupi ndi bedi. Ndevu zake zinali zitameranso, koma tsaya limodzi lokha. Ananena kuti kuyambira tsopano tsiku la adokotala pikapu ndi yawo, kuti mlamu wake wa kugalaja wavomera kuwongola kagalimoto pang'onopang'ono, komanso kuti asade nkhawa, pagalasi pali kale kapepala katsopano ka inshuwalansi. A Nasibeko anayang'ana ndevu zambali imodzi zija, anayang'ananso za amuna awo, n'kuseka mpaka misozi.

"Abambo, ndinakukalipirani pachabe," anatero. "Inu munazima zake, lero iye wazima zanu."

Mayi wa pabedi loyandikana anawamva mawuwo n'kupita nawo kwawo. Kumeneko ena anawatola, ndipo poyendayenda anasalala mpaka kukhala mwambi umene mukuudziwawu: "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

Tsono mumvetse bwino, ana inu. Mwambiwu sukunena kuti galimoto iziyenda yopanda inshuwalansi, pajatu Lameki anataya mbuzi chifukwa cha zimenezo. Ukunena kuti moto wa tsoka susankha chibwano. Ndevu zikamayaka, mwini wake sangazizime bwino yekha, amafunika manja a amene waima pafupi, ndipo nthawi zina amene waima pafupiyo ndi yemwe uja wamulakwira. Ukapeza munthu akupsa, yamba wazima, mlandu ubwere pambuyo, chifukwa sudziwa tsiku limene moto udzatembenukire kwa iwe.

A Phwitiko anataya jekete latsopano, ndipo kagalimoto kawo kanatuluka kugalaja kali ndi mitundu iwiri. Koma a Nasibeko anakhala nawo zaka zina zambiri, akuwakalipira m'mawa uliwonse kuti tiyi akuzizira iwo ali pagalasi ndi chipeso.