Mmene a Zuze Anadyera Phula

Ana inu, mukamva akulu akutchula munthu amene anadya phula, musaganize kuti n'zongopeka. Munthuyo anali a Zuze, a ku chigwa cha Shire, ndipo mpaka lero akazi awo a Nangondo akaikumbukira nkhaniyi amapukusa mutu.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linaotcha koopsa. Mathole a banjali anasiya kudya. Ankangoima pansi pa mtengo wa nimu, malilime ali panja, nthiti zikuwerengeka. Mlangizi wa ziweto atawaona anati, "Kutenthaku kwawalanda chilakolako. Muziwapatsa madeya osakaniza ndi molasesi, manyuchi akuda aja a nzimbe, kuti apeze mphamvu. Ndikuuzeni kasakanizidwe kake?"

"Ng'ombe ndinabadwira momwemo," anayankha a Zuze, uku akukwera njinga.

Pa sitolo ya za ulimi anapeza anthu ali piringupiringu. Atatchula za molasesi, mwini sitolo anangoloza ndi chibwano. "Katungeni mu mgolo kuseriko."

Kuseriko kunali migolo iwiri, yonse ya zinthu zakuda bii. Wina unali wa anthu okonza msewu, ndipo phula lake linali litasungunuka ndi dzuwa. A Zuze anaima pang'ono. Abwerere kukafunsa pamaso pa anthu onse aja? Iyayi. Anatunga chidebe chodzaza mu mgolo umene unali pafupi.

A Zuze atafika kunyumba, a Nangondo ananunkhiza chidebecho. "Bambo, ichi chikununkha msewu. Munafunsa?"

"Ndifunse chiyani? Molasesi ndi wakuda, uyu ndi wakuda."

"Makala nawonso ndi akuda!"

Iwo osamva, anakhuthulira zonse mu thumba la madeya, lomwe linali lomaliza m'nyumbamo. Mathole ananunkhiza n'kubwerera chafutambuyo.

"Mwaona? Ngakhale ng'ombe zakana!" anakuwa a Nangondo. "Ine ndatopa nanu. Kufunsa kumathothola mano kodi?"

"Zikungochita mwano. Taonani, n'zotsekemera."

Anatapa ndi chala, n'kuponya m'kamwa. Nkhope inasintha. Anayesa kulavula, zosatheka. Anayesa kuyankhula, mano atagwirana. Akazi awo anawapala m'kamwa ndi kamtengo ndi mafuta ophikira, akulalata osapuma.

M'mawa mwake a Nangondo anapita okha ku sitolo, anafunsa mgolo, anafunsanso mlangizi muyeso, nabwereka madeya kwa mlamu wawo. Mathole ena anadya n'kutsitsimuka. Koma kathole kofiira, kamene kanali kofooka kuposa onse, sikanathe kudikira. Anakapeza katauma m'khola.

Kuyambira pamenepo anthu anawatcha a Zuze kuti Safunsa, ndipo mwambi unabadwa: Safunsa anadya phula. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wonyada, woopa kuoneka wosadziwa, amagwa m'mavuto amene funso limodzi likanamupewetsa. Manyazi a kufunsa amatha pomwepo, ana inu, koma chimene chafa chifukwa cha kusafunsa sichidzukanso.