Mayi Amene Anakana Tikiti ya Ndege

Panali munthu wina wa ku Blantyre amene ankasoka nsapato ku Joni, ndipo anamwalirira komweko. Anasiya mkazi. Analinso ndi mkulu wake mumzinda womwewo, munthu amene zinthu zinkamuyendera.

Anzawo atapeza galimoto yokoka ngolo yonyamulira bokosi, mkulu uja anabwera ndi matikiti awiri a ndege. Anati, "Alamu, kuchoka kuno kukatera ku Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono. Pamsewu ndi masiku, malire atatu, kuphatikiza dzuwa la ku Tete. Tiyeni titsogole. Malemuwa atipeza, dalaivala njira akuidziwa."

Mayiyo anati, "Dalaivala akudziwa njira, koma malemuwa sakuwadziwa. Ndegeyo kwerani nokha."

Pajatu kwawo kwa mwamunayo maliro sayenda okha. Woperekeza amawauza malemu pa mtsinje uliwonse waukulu kuti tafika pakuti, kuopa kuti angatsale m'njira.

Mlamuyo anakalipa. Anati zimenezo n'zachikale, ndipo kumudzi anthu adzamunena kuti anazunzitsa namfedwa. Mayiyo anaika tikiti patebulo, n'kumanga chitenje, n'kukakhala mpando wakumbuyo wa galimoto ija, pamene ankatha kuona ngolo ija akacheuka.

Pa mlatho wa Limpopo anatsegula windo, n'kuwauza amuna ake. "Bambo a Tiyese, tikuoloka Limpopo." Pa Zambezi anateronso. Atangopitirira Tete, tayala la ngolo linaphulika. Dalaivala anamasula ngoloyo, nati onse abwerere naye m'tauni kukafuna lina. Mayiyo anatsika. Anafunditsa bokosi chitenje chake china, n'kukhala pamwala pambali pake, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Anafika kumudzi tsiku lachinayi, mapazi atatupa osalowanso m'nsapato. Mlamu uja anali atafika kalekale, ali mu jekete, akuyang'ana wotchi ndi kudandaula kuti manda anakumbidwa dzulo.

Bambo awo a malemu anali okalamba, maso anasiya kuona. Bokosi litalowa m'nyumba anafunsa, "Mwana wanga wayenda bwanji?"

Mkulu uja anatchula maola, anatchula makilomita, a m'mwamba ndi a pansi omwe. Nkhalamba inamvetsera, kenaka inafunsanso funso lomwelo.

Apo mayi uja anagwada. Anayamba ndi Musina, Masvingo, Harare, Nyamapanda. Anatchula pamene anavumbwa ndi mvula, pamene anaima kumwa madzi, mwala wa ku Tete uja, ndi mawu amene anawauza amuna ake polowa pa Mwanza. Sanadumphe malo ngakhale amodzi.

Nkhalamba inati, "Ndiye wafikadi. Kamuikeni."

Tsono inu amene mukundimvera, ine ndege sindidana nayo, ikapezeka kwerani. Koma adzabwera anthu, ena okufunirani zabwino ndithu, adzakuwerengerani maola n'kukuuzani kuti tsogolani, zinazo zikupezani. Musanalandire tikitiyo, cheukani muone amene akutsala pangolo. Ngati ndi wanu, kanani, ngakhale akalipe. Kumene mukupitako sakakufunsani kuti munafika nthawi yanji. Akakufunsani za amene munanyamuka naye.