Mtengo Umene Unkatchinga Denga

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankakhala kuchigwa kumene kumatentha chaka chonse. Kumudzi kwawoko mawaya a magetsi anali asanafike, ndipo anthu anali atatopa n'kudikira. Lufeyo anagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya nzimbe mpaka anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, nafolera ndi malata. Chinamutsalira chinthu chimodzi. Ankafuna kuti nyumbayo iziwala.

M'nyumbamo ankakhala ndi mkazi wake, ana, komanso bambo ake okalamba amene maso awo anali atachita khungu. Kumaso kwa nyumba kunali mtengo waukulu wa mango, nthambi zake zotambalala mpaka pamwamba pa denga. Pansi pa mtengowo ndi pamene bambowo ankaswera, akuluka mikeka mopapasa. Odutsa mumsewu ankapatukirapo. Wina ankadzapuma, wina kudzasewera bawo, wina kudzafunsa za malire a munda wa makolo ake. Akuluwo ankawazindikira onse ndi mawu, ena ndi mapazi okha.

Tsiku lina Lufeyo anaitana mmisiri wa sola wochokera kuboma. Atakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi bambo aja, mmisiriyo anafunsa zimene ankafuna kuyatsa, ndipo Lufeyo anatchula mababu a m'zipinda ndi pakhonde, wailesi ya kanema, firiji, ndi potchajira mafoni. Atamva zonsezo, mmisiri anamuuza kukula kwa batire ndi kuchuluka kwa mapanelo ofunika. Kenako ananyamuka kukayang'ana denga. Mbali yoyang'ana kumpoto, imene imalandira bwino dzuwa, ndi imene inali kumsewu, ndipo ndi yomweyo imene mtengo unkaitchinga. Anafotokoza kuti mthunzi ukagwera ngakhale pangodya ya panelo, mphamvu imatsika kwambiri, batire osadzaza.

Njira zinali ziwiri. Akanatha kudula mtengo n'kuika mapanelo padenga. Akanathanso kuimika zitsulo zoikapo mapanelo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi, pamene dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kukokera waya m'nyumba.

"Kusankha n'kwanu, bwana," anatero mmisiri. "Ine konse ndingathe kumanga."

Lufeyo anaima nayang'ana kumsewu. Zaka zonse zimene ankadula nzimbe, m'mutu mwake ankaona mapanelo akunyezimira padenga, anthu a m'minibasi akulozerana. Kuseri kwa khola akanawaona ndani, kupatula mbuzi?

Madzulo ake anapita kwa bambo ake. Sanapite kukafunsa, anapita kukawauza. Anawafotokozera za madzi ozizira, za ana owerenga popanda utsi wa koloboyi, za nyumba yowala kuposa zonse m'mudzimo. Bambowo anamvetsera, manja ali pa mlaza.

"Magetsiwo ine sindidzawaona, mwana wanga," anatero. "Koma mthunziwu ndimaumva."

Lufeyo anaseka pang'ono, nawalonjeza mpando wa khushoni pabalaza. M'mawa mwake kunabwera amuna ndi nkhwangwa. Bambowo anawakhazika pakhonde, ndipo anamva nkhwangwa iliyonse imene inagwera pamtengowo, mpaka nthaka inagwedezeka. Anangopempha kuti wina awalowetse m'nyumba.

Mapanelo anakwera padenga, ndipo ananyezimiradi. Masiku oyamba anthu anabwera kudzaona babu likuyaka, nagwira chitseko cha firiji, nayamikira. Lufeyo ankayenda ngati wakula msinkhu.

Kenako inafika nyengo yotentha kwambiri. Malata amene kale ankabisala pansi pa masamba tsopano ankapsa tsiku lonse, ndipo m'nyumba munasanduka ng'anjo. Lufeyo anagula fani. Faniyo inkazungulira kuyambira m'mawa, firiji nayo inkalira osapuma, ndipo pofika nthawi ya chakudya chamadzulo batire inali itatha, mababu n'kuzima. Anaitananso mmisiri uja, nawonjezera batire ina ndi panelo ina. Mphamvu yonse imene anaitchera padenga inkathera kulimbana ndi kutentha kumene anakuitana yekha.

Koma zimenezo zinali zazing'ono. Bambo ake ankakhala pampando wa khushoni, fani ikuwaulutsira mphepo yofunda. Kuluka anasiya, chifukwa zinyalala za mlaza sizinkafunika pasimenti yopolishidwa. Anthu a bawo anasamukira pamtengo wina kutsidya kwa msewu. Odutsa sankapatukanso, pakuti pamthunzi munthu amangofikira, koma pabalaza pa mwini amayamba waodira, n'kuvula nsapato, n'kukhala ndi chifukwa. Akuluwo ankamva mapazi a anthu owadziwa akudutsa panja, osaima. Poyamba ankawatchula mayina chapansipansi. Pambuyo pake analeka.

Lufeyo ankaziona zonsezi, ndipo zinkamupsetsa mtima. Ankauza mkazi wake kuti okalamba sayamika, kuti pali anthu ambiri m'mudzimo amene angakondwe kumwa madzi a m'firiji. Koma akalowa pabalaza n'kuona bambo ake atatembenukira kuzenera limene sankaliona, ankangotulukanso.

Mvula isanagwe, bambowo anatumiza uthenga kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa kumapiri, kuti adzawatenge. Mlongo wa Lufeyo anabwera ndi njinga yamoto ya hayala. Pamene ankamanga kathumba ka zovala, Lufeyo anagwada pafupi ndi bambo ake nawafunsa chimene chinkasowa m'nyumba mwake. Anati awamangira chisakasa, adzala mtengo wina, achita chilichonse.

"Dzala, adzakhalapo adzukulu ako," anayankha bambowo. "Tsiku lija unamutchulira mmisiri zonse za m'nyumba muno, ndi foni yomwe. Ine ndinali pompo, ndikumva. Sunanditchule."

Anawakweza panjinga, napita. Sanabwererenso. Anamwalira kumapiri komweko chaka chotsatira, ndipo anali atanena kale kuti adzawaike konko. Lufeyo anapita kumaliro a bambo ake ngati mlendo, nakhala pakati pa anthu osamudziwa, akumva iwo akusimba nthabwala zimene malemuwo ankanena masiku awo otsiriza. Nthabwalazo iye anali asanazimvepo.

Tsono inu amene mukumva fanizoli, musapite kwanu mukunena kuti sola ndi yoipa. Dzuwa silinalakwe, mmisiri sanalakwe, ndipo kufuna kuwala m'nyumba si tchimo. Njira ina inalipo, koma inali kuseri, kosaoneka ndi anthu. Nanunso muli ndi zimene mukukonza, kaya ndi nyumba, kaya ndi ntchito, kaya ndi ulendo. Pamene mukutchula zofunika, yang'anani amene wakhala chete pambali panu, amene sapindula kanthu ndi chimene mukumangacho koma ataya chimene ali nacho. Mufunseni nkhwangwa isanagwe. Mukadzamufunsa pambuyo pake adzakuyankhani ndithu, koma atamanga kale katundu.