Chifukwa Chake Msewu wa pa Chigongono Ndi Wokhotakhota

Kalekale, pa Chigongono panalibe sitolo, panalibe chigayo. Panali minda ya thonje yokha.

Ogula thonje analengeza kuti galimoto lawo lidzaima pamudzi umene udzayambe kumaliza kulambula msewu, ndipo msika udzakhala pomwepo. Mudzi wa kutsidya unali utagwira kale makasu.

Kuno anthu anasankha mkamwini wina, dzina lake Tsokalida, kuti atsogolere ndi chingwe ndi zikhomo. Mkazi wake, Ndaziona, anati, "Bambo, mukalephera, ndiye kuti tizisenza thonje mpaka kutsidya moyo wathu wonse."

Tsopano mumvetse bwino mwambo wa nthawi imeneyo, pakuti nkhani yagona pamenepa. Mkamwini sankayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akaonana patali, aliyense ankapatuka.

Tsokalida anakoka chingwe, msewu nuwongoka. Potukula maso, anaona apongozi ake, a Nangondo, akutola nkhuni kutsogolo. Anapatukira kumanja, chingwe chili m'manja. Olambula anatsatira chingwe.

A Nangondo nawonso anamuona. Mwaulemu anathawira m'tchire, koma tchire lake linali la kumanja komweko.

Tsokalida anakhotera kumanzere. A Nangondo anathawira kumanzere. Iye kumanja, iwo kumanja. Msewu unkangopindika ngati njoka yopondedwa mchira.

Olambula anati, "Alamu, kodi tikupita kuti?"

Iye anati, "Limani. Ine ndikutsata malamulo."

Ndaziona anathamangira kwa mayi ake. "Amayi, khalani pansi malo amodzi."

Iwo anati, "Ndikhale bwanji? Mwamuna wakoyu akundisaka ndi khamu la makasu."

Ndaziona anawakhazika pachulu, nawafunditsa nsalu kumutu. Msewu unazungulira chulucho, nutha. Chulu chomwe chili kuseri kwa positi chija ndi chimenecho.

Galimoto linabwera. Woyendetsa anakhota, nakhotanso, thukuta lili kamukamu. Atafika pachulu anazimitsa injini, nati, "Ine ndatopa. Kutsidya sindifikako. Wofuna kugulitsa thonje abwere pano."

Sikelo anaipachika pamtengo wa mkuyu. Panabwera wophika tiyi, panabwera telala, panamangidwa sitolo. A kutsidya, amene msewu wawo unali wowongoka bwino, ankasenza thonje kubwera kuno.

Choncho mukamadandaula m'basi kuti makhotawa akukuchititsani chizungulire, dziwani kuti mukudutsa pamene anthu awiri ankapatsana ulemu. Ulemu umatalikitsa njira, koma susocheretsa.

Nthano yanga yafika pamathero, ndatsikira pomwepa.