Kalumo ka Mayi Msosa m'Munda wa a Khansala

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu wa mlendo ndi kalumo kwawo ndi ku Mtambalika, m'munda wa chinangwa, ndipo mwini nkhani ndi khansala wa deralo, bambo Lufeyo Kamtedza.

A Kamtedza adali munthu wosadziwa kukhazikika. Akakhala pampando mwendo unkagwedera, akaimirira maso ali pawotchi. Komatu mtima adali nawo wabwino. Chaka chimene chilala chidapsereza chimanga, adalumbira pamsonkhano wa khonsolo kuti m'dera lawo mwana sadzagonanso ndi njala. Adatsegula munda waukulu wochulukitsira mbewu ya chinangwa, kuti mvula ikayandikira adule mitengo yake n'kugawira banja lililonse.

Adaikanso lamulo lakuti m'munda wambewu sakumbamo. Ankaopa kuti akalola mmodzi kulawa, mudzi wonse ubwera ndi makasu. Choncho kwa miyezi khumi palibe adaona chimene chidali pansi pa mizere. Anthu ankangotama masamba, a Kamtedza n'kumayenda chifuwa chili patsogolo.

M'miyezi yomweyo ku ofesi ya khonsolo kudafika buku la kafukufuku lochokera ku yunivesite ina, lochenjeza za nthenda yoola chinangwa m'kati. Lidali lochindikala, m'Chingerezi chothyola mano. A Kamtedza adatsegula tsamba loyamba, n'kuyasamula. Mapeto ake bukulo lidapeza ntchito yochirikiza mwendo wa tebulo lawo limene linkapendama. Ine sindibisa, ophunzirawo nawonso adalakwa. Adatumiza chenjezo la njala ngati akulembera anzawo okhaokha.

Tsiku logawa mbewu lidafika mitambo itada kale. A Kamtedza ankathamanga uku ndi uku, kukalipira odula mitengo, kuwerenga mitolo, kuyang'ana kumwamba, kukalipiranso. Lole ya khonsolo idali itadzaza theka pamene padatsika mayi wina pakabaza, atavala jombo, kachikwama kali paphewa.

"Ndine Eluby Msosa, ndachokera ku yunivesite," adatero. "Tidakutumizirani zimene tidapeza. Mudalandira, a Khansala?"

"Tidalandira, mayi, ndipo bukulo likutithandiza tsiku ndi tsiku." Apa sadaname.

"Ndiye mundilole ndikumbe phata limodzi lokha."

"Muno sakumba! Simukuona masambawo? Mvula ili pamphuno, anthu akudikira. Inu a mapepala mumangobwera kudzachedwetsa ntchito."

"Masamba ndawaona, bambo, ndipo ena ali ndi chikasu m'mitsempha. Phata limodzi. Likakhala loyera, ndisenza nawo mitolo mpaka dzuwa kulowa."

A Kamtedza adatsegula pakamwa kuti akane, koma mayi wina wamasiye amene adabwera kudzalandira mbewu, Nangondo, adawatsogolera.

"A Khansala, ine ndazula kale chinangwa changa chakale kuti ndibzale chanuchi. Ndilibe kwina kolowera. Alekeni aone."

Mayi Msosa adabwereka khasu, adazula phata, n'kupukuta chinangwa chimodzi. Kunja chidali chokongola, chonenepa ngati mkono wa munthu. Adatulutsa kalumo m'kachikwama muja, adacheka, n'kuonetsa anthu. M'kati mudali bii, mouma, moti ngakhale nkhumba ikadanyanyala.

"Limenelo ndi latsoka chabe!" adakuwa a Kamtedza.

Adalanda khasu lija, n'kuthyola lamulo lawo ndi manja awo. Adathamangira pakati pa munda, adazula. Adadumphira kumalire, adazulanso, thukuta lili kamukamu, jekete ili pansi. Chilichonse chimene ankabweretsa, kalumo kankadutsamo n'kuulula zomwezo. Pa phata lakhumi khasu lidawagwa m'manja.

"Nthendayi imayenda ndi mitengo yobzalayi," adatero mayi Msosa motsitsa mawu. "Mtolo uliwonse ukaifikitsa pakhomo pa munthu, ndipo ikalowanso m'minda ya oyandikana nawo. Chaka chamawa anthu adzakumba zimenezi."

A Kamtedza adayang'ana lole, adayang'ana Nangondo. Manyazi adawagwira, mantha adawagwiranso kuposa manyaziwo. Chaka chathunthu adakhala akulera njala, n'kumailondera kuti wina asaibe. Mvula idayamba kudontha, ndipo woyendetsa lole adafunsa ngati anyamuke.

"Tsitsani mitoloyo," adatero a Kamtedza. "Yonse. Tiitenthe."

Kenaka adatembenukira kwa mlendo uja, n'kufunsa funso lawo loyamba chaka chonsecho.

"Mayi, nanga titani?"

"Kumalo athu ofufuzira kuli mbewu yopirira nthendayi. Tidalemba zimenezo kumapeto kwa buku lija. Timadikira khonsolo yoti itifunse."

Lole yomwe ija idapita yopanda kanthu, n'kubwera ndi mbewu yopirira ija patatha masiku atatu. Mbewu sidakwanire, moti mabanja adagawana theka theka, ndipo adabzala mochedwa. Chaka chidali chowawa, ena adawanyoza a Kamtedza mpaka kumsika. Koma Nangondo atakumba chinangwa chake, adabwera nacho ku ofesi ya khonsolo, n'kuchithyola pamaso pawo. Chidali choyera mbee. Adapeza mayi Msosa ali pomwepo, buku lija lili potsegula, akufotokozera makhansala m'Chichewa, tebulo likupendama monga kale.

Ndiye chifukwa chake timati, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lumo la pakhomo limabuntha ndi kuzolowera. Chimene mumachiona tsiku lililonse mumaleka kuchiona, ndipo chimene mudachivutikira mumaopa kuchicheka. Wochokera kwina alibe mantha amenewo, komanso amabwera ndi nzeru imene inu mulibe. Akafika musamufunse kuti wabadwira kuti. Mpatseni khasu akumbe, lole isananyamuke.